Mmene mungapezere chigamulo chothetsa ukwati ku kaunti yakumudzi ku America

Ku America kulibe ofesi imodzi ya dziko lonse yosunga zigamulo zothetsa maukwati. Ukwati umathera m'khoti la kaunti, dera lofanana ndi boma kwathu kuno, motsatira malamulo a chigawo (state) chimene kauntiyo ili, ndipo chigamulocho chimatsala m'manja mwa kalaliki wa khoti lomwelo. Makaunti alipo oposa 3,100, ndipo ambiri ndi akumudzi kwenikweni. Loving County ku Texas inali ndi anthu 64 okha pa kalembera wa 2020. M'malo otere ofesi ya kalaliki imakhala ndi anthu awiri kapena atatu, mabuku akale sanalowe m'kompyuta, ndipo imelo ikhoza kukhala sabata osatsegulidwa. Ntchito yonse yagona pa zinthu zitatu: kaunti yake, kalaliki wake, ndi pepala lake lokhala ndi chidindo chake. Mukalakwitsa chimodzi, envelopu yanu imabwerera pakatha mwezi ili chimodzimodzi.

Amalawi ambiri amakumana ndi nkhaniyi akamakwatirana ndi munthu wa ku America amene anali pabanja kale. Fomu I-130 ndi I-129F, zoitanira mwamuna, mkazi kapena wopalidwa ubwenzi ku America kudzera ku ofesi ya USCIS yoona za olowa m'dzikolo, zimafuna umboni woti maukwati onse akale a mbali zonse ziwiri anatha mwalamulo. Ena amafuna pepalali posintha dzina ku ofesi ya boma ya za penshoni yotchedwa Social Security, pokwatiranso, kapena potsata chuma cha masiye.

Choyamba, dziwani pepala limene akukufunsani

Mapepala alipo amitundu itatu ndipo sasinthanitsika. Loyamba ndi chigamulo chenicheni chimene jaji anasaina. Amachitcha divorce decree, kwina final judgment, kwina decree of dissolution of marriage. M'menemo muli mayina, tsiku limene ukwati unatha, za ana, za katundu, ndi dzina limene mkazi anabwererako ngati anapempha. Lachiwiri ndi satifiketi ya tsamba limodzi yochokera ku ofesi ya chigawo yolemba za kubadwa, imfa ndi maukwati, imene imangonena kuti uje ndi uje anasudzulana tsiku lakuti ku kaunti yakuti. Lachitatu ndi fayilo yonse ya mlandu, kuyambira pa chisamani mpaka pamapeto.

Pa za viza ndi za kukhoti pemphani chigamulo, ndipo chikhale kope lotsimikizidwa ndi kalaliki. Mawu oti mugwiritse ntchito ndi awa: certified copy of the final divorce decree. Fayilo yonse musaipemphe pokhapokha loya atakuuzani. Imalipiridwa pa tsamba lililonse, ndipo mlandu umene anthu anakanganirana ana kapena munda ukhoza kukhala ndi masamba mazana.

Chachiwiri, pezani kaunti imene ukwati unathera

Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Ukwati suthera kumene unamangidwira. Nthawi zambiri mlandu umatsegulidwa ku kaunti imene mmodzi wa awiriwo ankakhala pa nthawi yosumayo. Ku Texas, mwachitsanzo, lamulo limafuna kuti mmodzi wa iwo akhale atakhala m'chigawocho miyezi 6 ndi m'kauntiyo masiku 90. Funso loyenera kufunsa mwiniwake, amene ukwati wake unathayo, ndi lakuti: pamene mapepala ankapita kukhoti, inu munkakhala kuti, nanga anzanuwo ankakhala kuti? Lembani malo onse awiri.

Mukadziwa tauni, fufuzani kaunti yake, ndipo musadalire dzina. Mzinda wa Houston uli mu Harris County, pamene Houston County ndi kaunti ina yakumudzi, likulu lake ndi Crockett. Austin ali mu Travis County, koma Austin County likulu lake ndi Bellville. Dzina loti Washington County likupezeka m'zigawo pafupifupi 30, choncho dzina la kaunti lopanda dzina la chigawo silithandiza kanthu. Ku Louisiana makaunti amatchedwa parish, ndipo ku Virginia kuli mizinda 38 imene siili pansi pa kaunti iliyonse.

Ngati mwiniwake anamwalira kapena sakukumbuka, ofesi ya chigawo ndiyo ingakulozereni njira, ngakhale siingakupatseni chigamulo. Texas ili ndi mndandanda wa maukwati otha kuyambira 1968, wosonyeza mayina, tsiku ndi kaunti, koma ofesiyo imangopereka kalata yotsimikiza kuti dzina lilipo, basi. Kentucky imasunga kuyambira Juni 1958, Florida kuyambira Juni 1927, Virginia kuyambira 1918. Bungwe la zaumoyo la boma lotchedwa CDC lili ndi tsamba lotchedwa Where to Write for Vital Records limene limasonyeza ofesi ya chigawo chilichonse ndi zaka zimene ili nazo. Zigawo zina zili ndi malo ofufuzira milandu pa intaneti: Case.net ku Missouri, OSCN ku Oklahoma, MyCase ku Indiana, Iowa Courts Online ku Iowa. Dzina likapanda kupezeka pamenepo musafulumire kunena kuti mlandu kulibe, poti milandu yakale ya m'makaunti aang'ono yambiri sinalowetsedwe. Malo ena ofufuzira otchedwa PACER musavutike nawo, ndi a makhoti a boma lalikulu, ndipo iwo sathetsa maukwati.

Pali makaunti ena akumudzi amene amathetsa maukwati a anthu osakhala kumeneko. Lincoln County ku Washington, likulu lake Davenport, inatchuka ndi kuthetsa maukwati kudzera pa positi kwa anthu a m'chigawo chonsecho, kuphatikizapo a ku Seattle amene sanapondeko phazi. Ku Pennsylvania, Potter County ndi Cameron County zinatchukanso chimodzimodzi chifukwa chotsika mtengo. Munthu akanena kuti zonse anachita loya, iye anangosaina mapepala kunyumba, ganizirani za makaunti otere. Kale anthu ankapitanso ku Nevada, kumene kukhalako masabata 6 kumakwanira. Ndipo ngati mmodzi anali wa mtundu wa Amwenye a ku America wokhala m'dera la mtundu wawo, mlandu ukhoza kukhala m'khoti la mtunduwo, osati la kaunti.

Chachitatu, pezani kalaliki woyenera

Likulu la kaunti lili ngati pa boma kwathu kuno: khoti, ofesi ya malo, ya msonkho, zonse m'nyumba imodzi kapena moyang'anana. Koma m'nyumbamo muli akalaliki angapo, ndipo wosunga ziphaso za ukwati nthawi zambiri si amene amasunga zigamulo zothetsa ukwati. Dzina la ofesi limasiyana ndi chigawo. Ku Texas ndi District Clerk, ngakhale m'makaunti a anthu osakwana 8,000 munthu mmodzi akhoza kukhala County Clerk ndi District Clerk nthawi imodzi. Ku Georgia ndi Clerk of Superior Court. Ku Mississippi ndi Chancery Clerk. Ku Kentucky, Missouri, Arkansas ndi Virginia ndi kalaliki wa Circuit Court. Ku Nebraska ndi Iowa ndi Clerk of the District Court. Ku Pennsylvania ndi Prothonotary, ku Ohio ndi Clerk of Courts wa Court of Common Pleas, ndipo ku New York, ngakhale mlandu umazengedwa mu Supreme Court, mapepala amakhala kwa County Clerk. Tennessee imasokoneza kuposa zonse, chifukwa mlandu ukhoza kukhala mu Chancery Court, kwa Clerk and Master, kapena mu Circuit Court. Kumeneko funsani konse kuwiri.

Makaunti ena ali ndi malikulu awiri, lililonse ndi mabuku ake. Carroll County ku Arkansas ili ndi Berryville ndi Eureka Springs, Jasper County ku Mississippi ili ndi Bay Springs ndi Paulding. Ena alibe likulu lawolawo: za Oglala Lakota County ku South Dakota, imene mpaka 2015 inkatchedwa Shannon County, zimayendetsedwa ku Hot Springs mu Fall River County.

Nambala ya foni itengeni pa tsamba la kaunti kapena la makhoti a chigawo. Mukafufuza pa Google, pamwamba pamabwera makampani olonjeza kukupezerani chilichonse mukalipira. Amenewo alibe chidindo cha khoti.

Chachinayi, konzani zoti mukanene

Musanaimbe, lembani papepala mayina onse a mwamuna ndi a mkazi monga analili pa nthawi ya mlandu, kuphatikizapo dzina lapakati, dzina la kwawo kwa mkazi, ndi mayina a maukwati ake akale ngati analipo. Onjezani chaka chimene ukwati unatha, kapena zaka zitatu kapena zisanu zimene mukuganizira, masiku obadwa a onse awiri, ndi nambala ya mlandu ngati ilipo. Ku Texas nambalayi amati cause number, kwina case number kapena docket number. Imapezeka pa kalata yakale ya loya, pa mapepala a ndalama zothandizira ana, kapena pa chilichonse chochokera kukhotiko.

Nambala ndi yamtengo wapatali chifukwa cha mmene mabuku akale amayendera. Kalaliki amatsegula buku lalikulu la mayina, lolembedwa pamanja, n'kuyang'ana pa chilembo choyamba cha dzina la wosuma kapena la wosumiridwa, chaka ndi chaka. Akapeza nambala ndi pamene amapita kukatenga fayilo, mwina m'chipinda chapansi, mwina ku nyumba ina yosungiramo katundu. Chaka cha pa nambala ndi chotsegulira mlandu, osati chogamulira. Mlandu wotsegulidwa mu Novembala 1998 ukhoza kugamulidwa mu 1999 kapena 2000, choncho pemphani kuti ayang'anenso chaka chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo.

Chachisanu, imbani foni

Ku kaunti yaing'ono foni imathandiza kuposa imelo. Maofesi ambiri amatsegula 8 koloko n'kutseka 4:30 kapena 5 koloko, ena amatseka pa nkhomaliro, ena Lachisanu amaweruka msanga. Tsiku limene jaji woyendayenda wafika, kalaliki amakhala m'khoti ndipo foni imangolira. Lolemba m'mawa ndi nthawi yoipa. Mukamaimba muli ku Malawi, 9 koloko m'mawa ku Texas, Mississippi kapena Iowa ndi 4 koloko madzulo kuno kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo ndi 5 koloko. Ku Georgia ndi Virginia chotsani ola limodzi.

Nenani mwachidule chimene mukufuna, tchulani mayina chilembo ndi chilembo, kenako funsani izi: kodi mlanduwo ulipo, ndipo nambala yake ndi chiyani? Unafika pa chigamulo chomaliza? Chigamulocho chili ndi masamba angati, ndipo ngati pali pangano la awiriwo lomatidwa kumbuyo, ndi masamba angati? Ndalama zonse pamodzi ndi zingati? Amalandira ndalama m'njira yanji, ndipo cheke chilembedwe m'dzina la ndani? Akufuna chiphaso cha wopempha? Adiresi ya positi ndi iti? Funso lomalizali musalidumphe, chifukwa m'matauni ang'onoang'ono makalata amapita ku bokosi la ku positi ofesi, ndipo adiresi ya msewu ndi ya DHL kapena FedEx. Lembani dzina la amene mwalankhula naye kuti mulitchule pa envelopu.

Kalaliki saloledwa kupereka malangizo a zamalamulo. Mukamufunsa ngati pepala lakuti likwanira ku USCIS, akuuzani kuti sangayankhe, ndipo si mwano. Funso limenelo ndi la amene akufuna pepalalo.

Funsaninso ngati muli ndi ufulu wolandira kope. M'zigawo zambiri chigamulo ndi cha poyera ndipo aliyense angachipemphe, ngakhale manambala a Social Security, a ku banki ndi zina za ana amazifufuta. New York ndi yosiyana: fayilo imatsekedwa zaka 100, ndipo oiona ndi eni mlandu ndi maloya awo okha, pokhapokha khoti litalamula. Kulikonse jaji akhoza kutseka fayilo. Zikatero, chophweka ndi chakuti mwini mlandu apemphe yekha, kapena alembe kalata yokupatsani chilolezo yosainidwa pamaso pa notary, munthu wovomerezeka kutsimikiza masiginecha, ngati ofesiyo imalandira kalata yotero.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani ndi kulipira

Kalata ikhale ya Chingerezi, tsamba limodzi. Ikhale ndi mayina a onse awiri, nambala ya mlandu, chaka, pepala limene mukufuna, makope angati, ubale wanu ndi mlanduwo, adiresi yobwezera, foni, imelo ndi siginecha. Masiku alembeni ndi dzina la mwezi, monga March 4, 1999. Mukalemba 04/03/1999 potanthauza 4 Malichi, ku America awerenga kuti April 3.

Mtengo nthawi zambiri amawerengera pa tsamba, n'kuwonjezerapo ya chidindo, ndipo ena amalipiritsanso yofufuzira ngati simunapereke nambala. Ku Texas ndi dola imodzi pa tsamba, madola 5 a chidindo, ndi madola 5 ofufuzira. Chigamulo cha masamba 12 chokhala ndi nambala yake ndi madola 17. Tumizani ndalama zenizeni zimene akuuzani. Zikaperewera ngakhale ndi dola imodzi amabweza zonse, ndipo maofesi ena amabwezanso zikachuluka poti alibe njira yopereka chenji. Ambiri amafuna money order kapena cashier's check, macheke olipiriratu ogulidwa ku positi kapena ku banki, ndipo salandira cheke cha munthu wa kunja kwa chigawo. Ena amalandira khadi pa foni kudzera ku kampani ina imene imadulapo yake, koma makhadi a mabanki akunja nthawi zina amakanidwa chifukwa makina amafuna ZIP code, nambala ya dera la positi ku America. Ndalama zamapepala musaike m'envelopu.

Ikanimo envelopu yaikulu yolembedwa kale adiresi yanu, yokhala ndi masitampu a ku America okwanira kulemera kwake. Sitampu imodzi wamba imanyamula masamba anayi kapena asanu okha. Kwa amene ali ku Malawi, zonsezi zikusonyeza chinthu chimodzi: pezani wachibale, mnzanu kapena loya wokhala ku America kuti agule money order, atumize kalata, alandire pepalalo, kenako akutumizireni pa DHL. Makaunti ambiri aang'ono satumiza kunja, ndipo amene amatumiza amagwiritsa positi wamba yosalondoleka. Pemphani makope awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kope lachiwiri limangowonjezera madola ochepa, pamene kuyambiranso ndi mwezi wina wathunthu.

Wokhala pafupi angopita yekha ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi komanso ndalama pamanja, koma aimbe dzulo lake kuti fayilo yakale aitulutsiretu.

Chachisanu ndi chiwiri, liyang'aneni bwino likafika

Onani siginecha ya jaji ndi tsiku lake, chidindo chosonyeza tsiku limene linalowa m'kaundula wa khoti, ndi mawu a kalaliki otsimikiza kuti ndi kope loona, okhala ndi siginecha ndi chidindo chake, kaya chotukuka pogwira kaya cha inki. Werengani masamba kuti aliko onse. Ngati chigamulo chikunena za pangano lomatidwa monga Exhibit A, nalonso likhalepo. Musachotse waya womangira masamba pofuna kujambula, chifukwa maofesi ena, makamaka opereka apostille, chitsimikizo chopangitsa kuti pepala lilandiridwe kumayiko ena, amakana pepala looneka kuti linamasulidwapo. Jambulani mopinda tsamba.

Kenako werengani mutu wake. Pepala lolembedwa temporary orders, legal separation kapena interlocutory silinathetse ukwati. Ku Virginia chigamulo cha a mensa et thoro chimangolekanitsa anthu, chothetsa ukwati ndi cha a vinculo matrimonii. Ku Massachusetts judgment nisi imadikira masiku 90 kuti ikhale yomaliza, ndipo munthu wokwatira mkati mwa masikuwo wakwatira akadali pabanja. A za viza amayerekeza tsiku lothera ukwati wakale ndi tsiku la ukwati watsopano, choncho muyambe ndinu kuyerekeza.

Dzina likalakwika m'chigamulo chenichenicho, kalaliki sangalikonze ndi cholembera. Pamafunika pempho kwa jaji, limene m'zigawo zambiri limatchedwa nunc pro tunc, ndipo ndi bwino kupeza loya wa m'kaunti yomweyo.

Ngati pepalali likukagwira ntchito ku Malawi

Chidindo cha kaunti pachokha sichidziwika kunja kwa America. Malawi ndi America onse ali m'pangano la ku Hague la 1961 la apostille, Malawi kuyambira 1967 ndipo America kuyambira 1981. Apostille ya chigamulo cha khoti la kaunti imachokera ku chigawo chomwecho, nthawi zambiri kwa Secretary of State. Ku Texas ndi madola 15 pa pepala. Ku Georgia imaperekedwa ndi Georgia Superior Court Clerks' Cooperative Authority. Uzani kalaliki kuyambira pachiyambi kuti kopelo likupita ku apostille, kuti lisainidwe ndi munthu amene siginecha yake ikudziwika ku likulu la chigawo, ndipo funsani ofesi ya apostille ngati imafuna kope latsopano. Ngati mukukalembetsa chigamulocho m'khoti la chigawo china cha ku America komweko, funsani ngati akufuna exemplified copy, imene ena amati triple seal, yokhala ndi umboni wa kalaliki ndi wa jaji. Imatenga nthawi ku kaunti imene jaji amabwera kamodzikamodzi.

Akanena kuti palibe

Yambani ndi kalembedwe ka dzina. Mayina monga Mhango, Nkhoma kapena Ng'oma amasanduka zina m'manja mwa wolemba amene sanawamvepo, ndipo dzina loyamba ndi la bambo zimatha kusinthana malo. Pemphani afufuze pa dzina la mnzakeyo. Kenako kulitsani zaka, yesani khoti lina la m'kaunti yomweyo, likulu lachiwiri, ndi kaunti imene winayo ankakhala. Funsani ngati mafayilo akale anasamutsidwira kosungira zakale kwa chigawo. Ku Kentucky milandu yakale yambiri ili ku Frankfort, ndipo nambala yopezera bokosi lake mumaitenga kwa kalaliki wa kaunti. Ku Tennessee masatifiketi opitirira zaka 50 amapita ku State Library and Archives ku Nashville. Kumene khoti linapsa kapena kusefukira madzi, fayilo ikhoza kusowa koma chigamulo n'kupezeka m'buku la maminitsi a khoti, limene ankakoperamo zigamulo zonse. Tchulani minute book kapena order book, chifukwa kalaliki wachinyamata mwina sangaliganizire. Bungwe la FamilySearch, losunga mbiri za mabanja pa intaneti, linajambula mabuku otere m'makaunti ambiri, ndipo ngakhale chithunzi chake sichilowa m'malo mwa kope lotsimikizidwa, chimakupatsani nambala ya buku ndi tsamba zoti mukatchule.

Nthawi zina fayilo imapezeka koma ilibe chigamulo. Munthu anasuma, ndalama za loya zinatha kapena anasamuka, khoti n'kuuchotsa mlanduwo chifukwa palibe ankautsata. Ku Texas pa fayilo yotere pamalembedwa DWOP. Zikatero ukwati uja ukadalipo mwalamulo, ngakhale patapita zaka 20 ndipo onse awiri akukhulupirira kuti unatha. Musatumize fomu iliyonse ya viza musanaonane ndi loya wa za mabanja. Ngati mwafufuza konse osapeza kanthu, pemphani kalaliki wa kaunti iliyonse imene mwayesa akulembereni kalata yokhala ndi chidindo yonena kuti wafufuza mayina akuti m'zaka zakuti ndipo sanapeze mlandu. Loya adzaifuna kalatayo, ndipo ofesi ya USCIS imaifunanso isanalandire umboni wina m'malo mwa chigamulo.